Mbiri ya Anamwino m'Dziko la Chipata

Munthu akadwala m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Gawa Undi, kapena kutsidya ku cigwa ca Luangwa, abale ace amati, "Tiyeni timtengere kwa dotolo." Koma akafika naye pa cipatala ca kufupi ndi kwao, kawirikawiri amene amamlandira, namuyesa, nampatsa mankhwala, namlondera usiku wonse, ndiye namwino, dotolo ali kutali ku Boma. Zinthu zakhala zotere kuyambira kale lomwe. Zimene zasintha ndizo maphunziro a namwinoyo, dzina lace m'mabuku a Boma, ndi mphamvu imene lamulo limampatsa. Ndifuna kulongosola m'mene zimenezi zinayendera m'dziko lathu lino la kum'mawa, pakuti tikazilondola bwino tipeza kuti nchito ndiyo inali kuthamanga patsogolo masiku onse, ndipo lamulo linali kudza pambuyo, litacedwa zaka zambiri.

Boma la Fort Jameson, limene lero ticha Chipata, linamangidwa m'caka ca 1899, itangotha nkhondo ya 1898 imene Kampani ya British South Africa inagonjetsa nayo Angoni nipha Nsingo mwana wa Mpezeni. Kufikira 1911 pamenepa ndipo panali likulu la North-Eastern Rhodesia. Dotolo wa Kampani analipo ndithu, koma nchito yace yoyamba inali kusunga moyo wa Azungu, wa asilikali, wa akaidi ndi wa anchito a Boma. Munthu wa pamudzi anali kuonana ndi mankhwala a Boma makamaka pa nthawi ya mliri, ndipo anali kudza ngati lamulo loopsya. Pamene nthenda ya kaodzera inapezeka m'cigwa ca Luangwa, Boma linatseka njira ndi kusamutsa midzi ina. Ndipo kacirombo ka nthendayo kanapatsidwa dzina lace la rhodesiense mu 1910, atakapeza m'mwazi wa Mzungu amene analumidwa ndi nchenche m'cigwa comweco. Katemera wa nthomba nayenso anali kufika pamudzi pamodzi ndi mesenjala wa Boma. Ncosadabwitsa tsono kuti makolo athu poona munthu wonyamula bokosi la mankhwala, ena anali kubisa ana ao kuchire.

Kusamala odwala tsiku ndi tsiku kunayamba pa misyoni. A Dutch Reformed ocokera ku Orange Free State anafika pa Magwero mu 1899, natsegula Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908, ndi Kamoto mu 1928. Pa Nsadzu anasunganso anthu akhate. Ku Msoro nchito ya Anglican inayambidwa ndi wansembe wa ku Nyanja, Leonard Kamungu, amene anafera komweko mu 1913. A Seventh-day Adventist anatuma Dotolo E. G. Marcus kucokera ku Malamulo, ndipo iye anayamba cipatala ca Mwami mu 1927, kufupi ndi malire a Nyasaland. Kumenekonso akhate anapeza pogona. Akatolika nao anali ndi zipatala zao, monga ku Minga ndi ku Lumezi.

Pa misyoni yotere namwino woyamba anali mkazi wa mbusa, kapena Dona wina wophunzira za mankhwala kwao. Koma mkazi mmodzi sakadatha kutsuka zironda za anthu makumi asanu m'mawa umodzi. Motero anali kusankha mnyamata wocangamuka wa pa sukulu, namphunzitsa kuwiritsa zitsulo, kutsuka ndi kumanga cironda, kuyesa kwinini, ndipo pambuyo pace kubaya singano. Azungu anali kumucha munthu wotere dresser kapena orderly. Analibe kalata ya maphunziro, analibe dzina m'buku liri lonse la Boma, ndipo malipiro ace anali pafupi ndi a wophika. Komatu Dona akadwala malungo, kapena akapita kukapuma kwao miyezi isanu ndi umodzi, cipatala sicinali kutsekedwa ai. Mnyamata uja ndiye anali kutsala ndi makiyi a kabati ya mankhwala, nazula mano, natumbula zithupsya, naweruza yekha amene ayenera kunyamulidwa pa macila kunka kwa dotolo. Amenewa ndiwo makolo a anamwino athu, ndipo ambiri a iwo anali amuna.

Tikumbukirenso kuti masiku amenewo Fort Jameson anali kuyang'ana kum'mawa koposa kumadzulo. Likulu la dziko linali ku Livingstone kufikira 1935, ndipo mtsinje wa Luangwa unalibe ulalo kufikira zaka za 1930. Cifukwa cace anthu oyamba amene anadza kuno ali ndi makalata a nchito ya cipatala, ambiri anali ophunzira ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Pakati pa zaka za 1930 Boma linayamba sukulu yace ku Lusaka yophunzitsa othandiza madotolo, imene mbeu yace lero iri pa Chainama. Nayonso inali kulandira anyamata.

Nanga akazi anali kuti? Apa mpofunika kufatsa, pakuti ambiri amangoti makolo anali mbuli zosafuna kuphunzitsa ana akazi. Mau amenewo ngopepuka. Nzoona kuti asungwana otsiriza sukulu anali owerengeka, popeza mwana akatha msinkhu anali kulowa cinamwali, ndipo ukwati sunali kucedwa. Nzoonanso kuti tate anali kuopa kutuma mwana wace wamkazi kukagona kutali ndi mai wace, kukagwira matupi a amuna acilendo ndi a anthu akufa. Koma copinga cacikulu cinali pa cikuta. Mwa mwambo wa Acewa, Angoni ndi Ansenga, kubadwa kwa mwana inali nkhani ya azamba ndi anamkungwi, akazi akulu amene anabala kale. Mwamuna sanali kuyandikira, ngakhale msungwana wosabala. Mwana wakhanda anali kuyesedwa wozizira, wosayenera kukhudzidwa ndi munthu wotentha, kuopa tsempho. Ndipo mkazi akavutika pobala, akuluwo anali kuganiza kuti pali cigololo cobisika, namuumiriza kuulula maina kuti njira itseguke, m'malo mwa kumnyamula msanga kunka ku cipatala. Akazi ambiri anatayika pa mlandu umene sanaucite, pamene cowapha cinali ciuno copapatiza kapena mwana wogona mopingasa.

Tsono taganizani msungwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wobvala diresi loyera ndi kacipewa, alikuuza mai wa ana asanu ndi mmodzi kuti, "Amai, gonani apa ndikuoneni." Kwa mai uja kumeneko kunali kutukwanidwa ndi mwana. Azungu ena sanazindikire kulemera kwa nkhaniyi, nayesa azamba onse mfiti ndi anthu auve, ndipo potero anadzitsekera okha khomo. Ena anali anzeru, nayamba kupalana ubwenzi ndi akazi akulu a mu mpingo, monga alangizi a kwa Dutch, kuti iwowa atsogolere anzao ku cipatala ndi kukhala pambali pa msungwanayo pogwira nchito. Kumene anacita cotero, akazi apakati anayamba kudza. Cimene cinawakopa koposa maulaliki onse ndico kuona ndi maso kuti mnzao amene anamlira kale wabwera wamoyo ndi mwana kumsana, dotolo atamng'amba, ndi kuti ana odulidwa mcombo ndi lumo lowiritsa sanali kufa ndi kafumbata.

Sukulu zeni-zeni za anamwino zinafika kuno itatha nkhondo yaciwiri. Mu 1948 Francis Trefusis, amene anali wansembe ndi dotolo yemwe ku Msoro, anayamba cipatala ca St Francis ku Katete, pafupi ndi mseu waukulu wa ku Lusaka, kumene odwala akadatha kufika ngakhale m'dzinja. M'zaka za 1950 cipatalaco cinayamba kuphunzitsa anamwino ndi azamba a sukulu, ndipo Dotolo James Cairns, amene anafika mu 1958 nakhala kumeneko zaka zoposa makumi atatu, anakuza nchitoyo kwambiri. Mwami anatsegula sukulu yace ya anamwino m'zaka zoyamba za 1960. Ophunzira anali kuphunzira ndi manja koposa ndi buku: m'mawa kusambitsa odwala ndi kuyala mabedi, masana ora limodzi kapena awiri m'kalasi, usiku kulondera ndi nyali ya parafini. Kunena zoona, zipatala za misyoni zinali kuyenda ndi thukuta la ana a sukuluwa, pakuti ndalama zolembera anchito okwanira panalibe.

Koma makalata amene anali kulandira anali a gulu lapansi. M'nthawi ya atsamunda nchito ya unamwino inali ndi makwerero awiri, ndipo makwererowo anali kutsata khungu. Pamwamba panali Sister, wolembedwa m'buku la ku England kapena ku South Africa, ndiye Mzungu; pansi panali wothandiza, ndiye munthu wakuda. Zipatala za Boma nazonso zinali ziwiri-ziwiri, ca Azungu ndi ca anthu akuda. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, za umoyo zinali kulamulidwa kucokera ku Salisbury, ndipo m'Northern Rhodesia monse munalibe sukulu imene msungwana wakuda akadaphunzirako kufikira pa kwerero lapamwamba. Wofuna kutero anayenera kuturuka m'dziko. Anatero Kapelwa Sikota wa ku Barotseland, amene anakaphunzira pa cipatala ca McCord ku Durban, nabwera kumayambiriro kwa zaka za 1950 ali namwino wolembedwa woyamba mwa ana a dziko lino. Ngakhale anali ndi makalata ofanana ndi a Sister wacizungu, sanapatsidwe udindo woyenera maphunziro ace kufikira ufulu utapezeka. Pambuyo pace ndiye anakhala mkulu wa anamwino onse a m'Zambia, woyamba mwa eni dziko.

Ufulu unadza pa 24 October 1964, ndipo caka comweco ku Kitwe kunatsegulidwa sukulu yoyamba ya anamwino a kwerero lapamwamba. Ina inatsatira ku Lusaka. Boma la Kenneth Kaunda linagwetsa mpanda wa khungu m'zipatala, linati kucizidwa kukhale kwaulere, ndipo linamanga zipatala zazing'ono m'midzi yambiri. Mu 1970 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la anamwino ndi azamba, limene linakhazika bungwe la General Nursing Council of Zambia; Mai Sikota anali mmodzi wa okonza lamulolo. Caka comweco mipingo inagwirizana m'bungwe limodzi loyang'anira zipatala zace, ndipo pang'ono-pang'ono Boma linayamba kuthandiza zipatala za misyoni ndi ndalama ndi anchito, kotero kuti St Francis, Mwami, Nyanje, Kamoto ndi zina zinasanduka nthambi za nchito imodzi ya umoyo wa dziko.

Ife ogwira nchito ya ulembi timadziwa kuti buku la maina si cinthu cacabe. Kuyambira 1970 namwino wa ku Katete anali ndi nambala yace m'buku la dziko, analemba mayeso amodzi-modzi ndi mnzace wa ku Chikankata kapena ku Mongu, anali womasuka kukagwira nchito pa cipatala ciri conse, ndipo akalakwa kwambiri dzina lace likadafafanizidwa. Umenewu unali ulemu waukulu kwa adzukulu a dresser uja wopanda kalata. Koma makwerero awiri aja sanacoke. Khungu linacokapo, m'malo mwace munalowa maphunziro: wolembedwa, wa zaka zitatu, ndi wa kwerero laciwiri, wa zaka ziwiri, amene anthu anazolowera kumucha ZEN. Sukulu za misyoni za kuno zinali kuturutsa a kwerero laciwiriwo. Ndipo maganizo a nthawi imeneyo anali akuti namwino ndiye dzanja la dotolo: dotolo apeze nthenda, alembe mankhwala, namwino apereke.

Pa pepala zinali zomveka. Koma madotolo oyamba ophunzira pa University of Zambia anatsiriza mu 1973, anali ocepa, ndipo ambiri anakhala m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Pa cipatala ca kumudzi ku Chadiza, ku Chama kapena ku Vubwi, munthu wa ZEN, nthawi zina pamodzi ndi wothandiza dotolo mmodzi, nthawi zina yekha, ndiye anali kupeza malungo ndi cibayo, napereka mankhwala, nasoka mabala a khasu ndi a nkhwangwa, nabadwitsa ana pakati pa usiku. Akulu a ku Lusaka anali kudziwa zimenezi, ndipo mabokosi a mankhwala anali kuwatumiza kwa iye yemweyo. Pamene dziko linalandira mu 1981 njira ya kuciza ndi kuteteza anthu kumene akhala, potsata msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978, katundu wace anaonjezeka: sikelo ya ana, katemera wa cikuku, kuyesa akazi apakati, kuphunzitsa za zimbudzi ndi madzi, ndi kupalasa njinga kunka kumidzi yakutali. Zonsezi zinadza mtengo wa mkuwa utagwa kale mu 1975, mankhwala alikusowa m'makabati. Kumalire a Mozambique kunaonjezekanso othawa nkhondo m'zaka za 1980, amene ambiri anakaikidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke, ndi anthu olasidwa ndi zigawenga za Renamo zimene zinali kuoloka malire.

Pamwamba pa zonsezi panagwa Edzi. Nthendayi inazindikirika m'Zambia mu 1984, ndipo mu 1987 Kaunda anaulula poyera kuti ndiyo inapha mwana wace Masuzyo. M'zaka za 1990 zipatala za Chipata, Katete ndi Petauke zinadzala kotero kuti odwala anali kugona pansi pakati pa mabedi. Namwino amene anaphunzitsidwa kuciritsa anasanduka woperekeza anthu kumanda, wopanda mankhwala opatsa, nthawi zina wopanda ndi magolovesi omwe. Anamwino eni ace anali kudwala ndi kufa monga aphunzitsi ndi alembi. M'masiku amenewo ndimo munakula nchito yosamala odwala kunyumba, imene mipingo inatsogolera, namwino alikuphunzitsa abale kusambitsa ndi kudyetsa wodwala wao.

Zaka zomwezo Boma latsopano la Frederick Chiluba linasintha kayendetsedwe ka zipatala. Kuyambira 1993 odwala anayamba kulipira, ndipo lamulo la 1995 linakhazika Central Board of Health ndi mabungwe a m'maboma, ndi colinga cakuti anchito acoke m'manja mwa Boma nalembedwe ndi mabungwewo. M'maganizo amenewa munali zabwino, pakuti ndalama zinayamba kufika m'maboma, ndipo anthu a pamudzi anapatsidwa mau pa cipatala cao. Koma anchito anaopa kutaya penshoni zao, malipiro anali osafika pakati pa mwezi, ndipo mlimi wopanda ndalama anali kukwiyira namwino amene anali pamaso pace, osati nduna imene inapanga lamulo. Anamwino ambiri odziwa nchito anapita ku Botswana, ku South Africa ndi ku Britain. Zipatala zina za kumidzi zinatsala m'manja mwa wosesa kapena mlonda, ameneyo ndi kumagawa mankhwala monga anacitira dresser zaka makumi asanu ndi atatu zapitazo. Mbiri yakuti anamwino ngaukali inakula m'masiku amenewa. Sindikana kuti alipo ena a pakamwa poipa, amene amakalipira mai wobala ngati mwana. Amenewo alibe cowiringula. Koma woweruza ayambe wawerenga anthu a pa mzere ndi kuona kuti amene akuwathandizayo sanagone.

Lamulo linafika pamene nchito inali kale mu 1997. Lamulo latsopano la anamwino ndi azamba la caka cimeneco linalola namwino kupima wodwala, kuchula nthenda yace, ndi kulemba mankhwala ena oikidwa pa mndandanda. Linalolanso anamwino kutsegula nyumba zao zosamalira odwala ndi sukulu zao. Kunali kubvomereza ndi cidindo cimene anamwino a kumidzi anakhala alikucita kuyambira ufulu usanadze. Phindu lace linaoneka msanga. Pamene mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere mu 2005, madotolo sakadakwanira kuona anthu zikwi-zikwi ofuna kuyamba kumwa. Poyamba nchito yoyambitsa mankhwalawa inali ya madotolo ndi owathandiza. Koma mizere itatalika, anamwino anaiyamba, ndipo maphunziro apadera owapatsa mphamvuyo anatsata pambuyo. Central Board of Health inathetsedwa, anchito nabwerera ku Unduna. Mu 2006, m'nthawi ya Levy Mwanawasa, malipiro anacotsedwa m'zipatala za m'maboma a kumidzi, ndipo mu 2012 m'zipatala zazing'ono za dziko lonse. Odwala anaculuka pomwepo. Anamwino sanaculuke nao limodzi.

Nkhani ya cikuta ija inabweranso mwa njira yina. Kwa zaka zambiri Boma linali kuphunzitsa azamba a m'midzi ndi kuwapatsa malumo, ulusi ndi sopo. Koma poona kuti akazi sanaleke kufa ndi kutaya mwazi, cimene mzamba wa pamudzi sangathe kuletsa, ca m'ma 2010 linasintha maganizo, niti azamba aleke kubadwitsa, koma aziperekeza akazi ku cipatala. M'midzi munakhazikidwa magulu a amuna ndi akazi olangiza za ucembere wabwino, ndipo pa zipatala panamangidwa nyumba zodikiriramo akazi a mwezi wotsiriza. Nchito ya Saving Mothers, Giving Life, imene inayamba mu 2012, inasankha Lundazi ndi Nyimba mwa maboma ace anai oyamba. Mafumu ena anaika cindapusa pa banja limene mkazi wace wabalira kunyumba. Akazi obalira ku cipatala anaculuka ndithu, ndipo mdzukulu wa namkungwi amene anakana msungwana wa kacipewa lero amapita yekha kukamfuna. Koma za cindapusazo ine ndiri ndi cikaiko. Mkazi amene mtsinje wamtsekereza m'mwezi wa February, kapena amene wafika pa cipatala napeza mzamba mmodzi yekhayo wapita ku Boma kukalandira malipiro, walakwira yani kuti apereke mbuzi?

Mu 2019 kunadza lamulo lacitatu, limene linasintha bungwe lija kukhala Nursing and Midwifery Council of Zambia. Pofika nthawi imeneyo kwerero laciwiri linali kutsekedwa pang'ono-pang'ono: sukulu za Chipata, Mwami ndi St Francis zinatembenukira ku maphunziro a zaka zitatu, ndipo a ZEN akale anapatsidwa njira yobwerera ku sukulu kuti akwere. Ena a iwo anakhala pa benchi limodzi ndi ana amene anawabadwitsa okha. Amene afuna kupitirira angathe kufika pa digiri, pakuti University of Zambia inayamba maphunziro apamwamba a anamwino kumapeto kwa zaka za 1970.

Khomo limene lamulo la 1997 linatsegula linabala sukulu zambiri za eni, ndipo makolo a kuno, amene agogo ao anali kukaniza ana akazi, anayamba kugulitsa ng'ombe, fodya ndi nsawa kuti mwana akaphunzire unamwino. Otsiriza maphunziro anaculuka koposa malo amene Boma linali ndi ndalama zolipira, kotero kuti cipatala ca kumudzi cinali kusowa namwino pamene namwino wa makalata ali khale pakhomo pa amace m'mudzi womwewo. Mu 2022 Boma la Hakainde Hichilema linalemba anchito a za umoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo zipatala zambiri za kum'mawa kuno zinalandirako. Opempha nchitoyo anali ambiri koposa olembedwa. Mwa otsalawo, ena anapita kukagulitsa m'masitolo a mankhwala, ndipo ena anabvala yunifomu zao nakadzipereka pa zipatala za Boma popanda malipiro, kugawa mankhwala ndi kulondera usiku, alikuyembekeza kuti maina ao adzaturuka pa mndandanda wotsatira.